Ruger Super Redhawk Alaskan: Yolimba Kwambiri, Koma Si ya Aliyense Wopita M'nkhalango

Aliyense amene akukonzekera kuyenda wapansi m'nkhalango za ku Alaska, Montana, Idaho kapena Wyoming, kumene kumakhala zimbalangondo zikuluzikulu za mtundu wa grizzly, sachedwa kumva dzina la Ruger Super Redhawk Alaskan, chifukwa munthu akangotchula za chimbalangondo m'sitolo ya mfuti, ogulitsa ambiri amathamangira kutulutsa imeneyi. Ndi mfuti ya m'manja ya mtundu wa revolver, ija yokhala ndi silinda yozungulira yosungiramo zipolopolo, imene kampani ya Sturm, Ruger & Co. inayamba kugulitsa m'chaka cha 2005, ndipo inapangidwira ntchito imodzi yokha, yoti munthu azikhala nayo pathupi pamene akuwedza nsomba mumtsinje, akusenda nyama imene wapha, kapena akudutsa m'zitsamba zowirira momwe maso saona patali. Ndaiwomberapo mfutiyi pamodzi ndi zinzake zimene imapikisana nazo, ndipo maganizo anga ndi akuti inapangidwa mwaluso, kulimba kwake n'kosakayikitsa, koma anthu ambiri amene amaigula, makamaka ija ya zipolopolo za .454 Casull, akanathandizika koposa akanasankha mfuti ya .44 Magnum yokhala ndi mpope wa mainchesi 4.

Munthu akainyamula koyamba amadabwa ndi kufupika kwake pamodzi ndi kulemera kwake. Mpope wake ndi wa mainchesi 2.5 okha, amene ndi masentimita opitirira pang'ono 6, ndipo popeza thupi la Super Redhawk limatambasukira kutsogolo, pafupifupi mpope wonsewo unakwiririka m'thupimo, moti mfuti yonse imaoneka ngati inasemedwa kuchokera ku chitsulo chimodzi. Ikakhala yopanda zipolopolo imalemera pafupifupi makilogalamu 1.25. Ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chinthu chofunika kwambiri m'dziko la mvula, chipale ndi madzi a m'nyanja. Imapezeka ya .44 Magnum, ya .454 Casull ndi ya .480 Ruger, ndipo ziwiri zoyambazo zimalowa zipolopolo 6 m'silinda. Chogwirira chake ndi cha labala cha kampani ya Hogue, chokhala ndi kachigamba kofewa kumbuyo, pamene mfuti imagunda chikhatho ikalira. Malo omangapo galasi loonera patali, amene amapezeka pa ma Super Redhawk a mpope wautali, pa iyi palibe, ndipo opangawo anachita bwino kuwasiya, chifukwa iyi si mfuti yosakira nyama ili kutali.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri ndi mapangidwe a m'kati. Mfuti zambiri za revolver zimakhala ndi chivundikiro cha m'mbali chomangidwa ndi masikuluwu, chimene amachotsa akafuna kufika pa zitsulo za m'kati, koma a Ruger anapanga thupi lathunthu lopanda chivundikiro chotere, ndipo zitsulo za m'katizo zimatulukira pansi. Silinda imakhomedwa malo atatu, kutsogolo, kumbuyo ndi pansi. Pa ya .454 Casull, silindayo ndi ya chitsulo chapadera cha kampani ya Carpenter, chimene chinatheketsa kuti muboolemo mabowo 6 pamene opanga ena ankaona kuti kwa chipolopolo champhamvu chotere 5 ndiwo malire. Ilinso ndi kachitsulo kotchedwa transfer bar, kamene kamakwera pakati pa hamala, chitsulo chimene chimamenya kuti mfuti ilire, ndi chogogoda chipolopolo pokhapokha chala chikakoka chokhethemulira mpaka kumapeto, motero mfutiyi ikagwa pamwala siilira yokha, ndipo mungathe kuinyamula silinda yonse ili yodzaza. Kwa munthu amene aziyenda nayo pamiyala yoterera ya m'mitsinje, ichi si chinthu chaching'ono.

Vuto limayambira pa kulumikiza chipolopolo cha .454 Casull ndi mpope waufupi chonchi. Chipolopolochi anachiyambitsa ndi Dick Casull ndi Jack Fullmer m'zaka za m'ma 1950, ndipo chinayamba kudziwika kwa anthu ambiri mu 1983, pamene kampani ya Freedom Arms ya ku Wyoming inatulutsa mfuti yake ya Model 83. Mphamvu ya mpweya wa wonga m'kati mwake imaloledwa kufika pa 65,000 psi (psi ndi muyeso wa kukankha kwa mpweya), pamene ya .44 Magnum imalekezera pa 36,000 psi, kutanthauza kuti .454 Casull imagwira ntchito pa mlingo umene nthawi zambiri umapezeka m'mfuti zazikulu za paphewa. Wonga wochuluka choncho umafuna mpope wautali kuti ukankhe mutu wa chipolopolo kwa nthawi yokwanira. M'mpope wa mainchesi 2.5, mbali yaikulu ya mphamvuyo imathera panja monga lawi la moto ndi phokoso. Liwiro limene latsala limaposabe la .44 Magnum yowomberedwa mumpope wofanana, zimenezo n'zoona, koma kusiyanako kumachepa kwambiri, pamene kukankha kwa mfuti m'dzanja, kung'anima kwa moto m'maso ndi kugontha kwa m'makutu zimakhala zochuluka kopitirira muyeso. Phokoso la mfuti zotere limapitirira madesibelo 160, ndipo lililonse lopitirira 140 likhoza kuwononga makutu pa ulendo umodzi wokha.

Kuti timvetse chifukwa chake zimenezi zili zofunika, tiyenera kuganizira mmene ngozi yeniyeniyo imachitikira. Chimbalangondo cha grizzly chimatha kuthamanga makilomita oposa 50 pa ola, umene ndi mtunda wa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Nthawi zambiri munthu amakumana nacho modzidzimukirana m'zitsamba kapena pokhota mtsinje, chili ndi ana ake kapena chikulondera nyama yakufa, ndipo ngati chayamba kuthamangira munthuyo chili pa mamita 30, masekondi amene ali nawo ndi awiri kapena atatu basi. M'nthawi imeneyo ayenera kuzindikira chimene chikuchitika, kusolola mfuti, kuilozetsa pa mutu umene ukukwera ndi kutsika, n'kuwombera. Wochita mwayi amawombera kawiri. Pamenepa funso loti chipolopolo chili ndi mphamvu zochuluka bwanji papepala limasanduka laling'ono poyerekeza ndi mafunso awiri ena: kodi chipolopolo choyamba chalasa pofunika, ndipo kodi mpope wabwerera msanga pamalo ake kuti chachiwiri chituluke? Ndi Alaskan ya .454 Casull yodzazidwa ndi zipolopolo zamphamvu zonse, mpope umadumphira m'mwamba kwambiri, dzanja limasunthika pachogwirira, ndipo nthawi yobwezeretsa zonsezi ndi imene munthu alibe.

Palinso china chimene anthu ogula sakonda kuvomereza. Mfuti yopweteka dzanja imaphunzitsa thupi mantha. Munthu akaiwombera kangapo, minofu imayamba kudzikonzekeretsa isanalire, maso amatsinzina, dzanja limagwetsera mpope pansi kamphindi kakang'ono chipolopolo chisanatuluke, ndipo chimakagwera m'munsi mwa pamene analoza. Chizolowezi chimenechi chimalowa mwakachetechete ndipo chimavuta kuchichotsa, ndiponso sichisankha kuti uyu ndi wamphamvu kapena wofooka. Ndaonapo anthu a matupi akuluakulu akulephera kulasa pepala lalikulu pa mamita 10 ndi mfutiyi, koma atapatsidwa ya .357 Magnum, imene ndi yocheperapo mphamvu, n'kumaika zipolopolo zonse pamalo amodzi. Mpope waufupiwo umawonjezeranso vuto, chifukwa zolozera ziwiri, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, zimayandikana kwambiri, choncho kulakwitsa kwakung'ono pa kuzilunzanitsa kumasanduka kuphonya kwakukulu kumene chipolopolo chikupita.

Chimene chimaimitsa chimbalangondo nthawi yomweyo ndi chipolopolo chofika mu ubongo kapena m'fupa la msana, ndipo chothyola phewa chimangochichedwetsa. Cholasidwa mu mtima kapena m'mapapo chimafa ndithu, koma chimakhala ndi masekondi okwanira kufika pa munthuyo ndi kumuvulaza. N'chifukwa chake chofunika pa chipolopolo cha m'nkhalango ndi kulowa mozama molunjika, kudutsa ubweya, chikopa, mafuta, minofu ndi mafupa popanda kuphwanyika kapena kupatuka. Zipolopolo za mutu wobooka, zimene zimatambasuka zikalowa m'thupi, n'zosayenera pa ntchitoyi. Zoyenera ndi za mtovu wolimbitsidwa, zolemera, za mphuno yafulati, zimene ogulitsa amazitcha hard cast. Mutu wa .44 Magnum wolemera ma grain 300, amene ndi magalamu pafupifupi 19, wopangidwa mwanjira imeneyi, umalowa mozama mokwanira pa chimbalangondo chilichonse cha ku North America. Kuwonjezera mphamvu pamwamba pa apa sikukonza chipolopolo chimene chadutsa pambali.

Kafukufuku amene alipo akugwirizana ndi zimenezi. Mu 2012, Tom Smith, Stephen Herrero ndi anzawo anafalitsa m'magazini ya Journal of Wildlife Management zotsatira za kufufuza kwawo pa zochitika 269 za ku Alaska, kuyambira 1883 mpaka 2009, pamene anthu okhala ndi mfuti anakumana ndi zimbalangondo. Anapeza kuti ogwiritsa ntchito mfuti za m'manja anapambana pa 84 peresenti ya zochitikazo, ndipo a mfuti za paphewa pa 76 peresenti, ndipo pakati pa zifukwa zolepherera panali kusowa nthawi, kuphonya, kugwa, ndi mfuti kukanika kulira. Akatswiri omwewa anali atafalitsa kale mu 2008 kafukufuku wa mankhwala a tsabola opopera zimbalangondo, wa zaka za 1985 mpaka 2006, ndipo anapeza kuti mankhwalawo anathetsa khalidwe loopsa la zimbalangondo zofiirira, mtundu umene grizzly ilimo, pa 92 peresenti ya zochitika, komanso kuti anthu 98 pa 100 aliwonse amene anawagwiritsa ntchito sanavulale. Anthu amatsutsana ngati n'koyenera kuyerekeza manambala a kafukufuku awiriwa mwachindunji, popeza zochitikazo sizinali zofanana, koma ine phunziro limene ndimatengapo n'lakuti chitini cha tsabola chiyenera kukhala pathupi nthawi zonse, mfuti ili chida chachiwiri, ndipo mfutiyo ikhale imene munthu angaisolole ndi kulasa nayo mofulumira.

Apa ndi pamene Smith & Wesson Model 629 ya mpope wa mainchesi 4 imaonetsa ubwino wake. Chipolopolo cha .44 Magnum chinatuluka pakati pa zaka za m'ma 1950, pa mgwirizano wa Smith & Wesson ndi Remington, atalimbikitsidwa ndi mlenje komanso mlembi wa nkhani za mfuti Elmer Keith, amene kwa zaka zambiri ankadzaza chipolopolo chofatsa cha .44 Special ndi wonga wochuluka. Model 629 ndi Model 29 yakale ija koma ya chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo inayamba kupezeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Imalemera pafupifupi makilogalamu 1.2, kutanthauza kuti ngakhale ili ndi mpope wautali kuposa wa Alaskan, siilemera kuposa iyo. Chokhethemulira chake chimayenda mosalala kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo pa kuwombera mofulumira osayamba wakoka hamala ndi chala chachikulu, kusalala kumeneku kumaoneka pa pepala lolasidwa. Mainchesi 1.5 owonjezerawo amatalikitsa zolozera, amawonjezera liwiro, amachepetsa lawi, ndipo amaika kulemera kwina kutsogolo kumene kumathandiza kuti mpope usadumphe kwambiri. Pachifuwa kapena m'chiuno, kusiyana kwa kutalikako sikumveka.

Ili ndi malire ake amene wogula ayenera kuwadziwa. Thupi lake ndi locheperako kuposa la Ruger, silinda yake ndi yaifupi, ndipo zipolopolo zina zolemera kwambiri, monga za ma grain 340 zimene kampani ya zipolopolo ya Buffalo Bore imazilemba kuti +P+, kutanthauza zamphamvu zopitirira mlingo wa masiku onse, opangawo sanaiike 629 pa mndandanda wa mfuti zololedwa kuziwombera, pamene ma Redhawk ndi ma Super Redhawk alipo. Kuwomba zipolopolo zolemera mosalekeza kwa zaka kumaikhwefula msanga kuposa Ruger. Kuyambira mu 2001, mfuti zambiri za kampani yopanga 629 zinayamba kubwera ndi loko wa kiyi m'mbali mwa thupi, chinthu chimene anthu ambiri a m'nkhalango sachikonda pa chida chodzitetezera. Amene zinthu zimenezi zikumudetsa nkhawa ali ndi njira ina yabwino, imene ndi Ruger Redhawk ya .44 Magnum ya mpope wa mainchesi 4.2. Redhawk inatuluka cha m'ma 1979 ndi 1980, ili ndi kulimba konse kwa mlongo wake wamkulu Super Redhawk, imalandira zipolopolo zazitali ndi zolemera, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 1.3. Chofooka chake n'chakuti sipuling'i imodzi ndiyo imagwira ntchito ya hamala ndi ya chokhethemulira pamodzi, choncho kakokedwe kake kamakhala kolemererapo ndipo n'kovuta kukapeputsa popanda kuchepetsa mphamvu yogogodera chipolopolo. Pakati pa ziwirizi, wa manja aang'ono ndi wofuna kulasa mosavuta atenge 629, wofuna mfuti yosatopa ndi zipolopolo zolemera atenge Redhawk.

Ena amathawira ku mfuti zopepuka, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa pa ulendo wa masiku angapo m'mapiri galamu iliyonse imamveka m'mawondo. Smith & Wesson 329PD, ya thupi la aluminiyamu wosakaniza ndi scandium ndi silinda ya titanium, imalemera magalamu opitirira pang'ono 700, ndipo kuinyamula n'kosangalatsa kwambiri. Kuiwombera ndi zipolopolo zamphamvu zonse ndi nkhani ina, chifukwa imamenya chikhatho mwaukali umene anthu ambiri amati umaposa wa mfuti zazikulu kuposa iyo. Pali ngozi inanso imene imakhudza mfuti zonse zopepuka zowombera zipolopolo zolemera. Mfuti ikakankhira m'mbuyo mwamphamvu, mitu ya zipolopolo zimene zatsala m'silinda imafuna kutsalira pamene inali, choncho imasololoka pang'onopang'ono m'makoko ake a mkuwa, ndipo umodzi ukatulukira kutsogolo kwa silinda, silindayo imaleka kuzungulira ndipo mfuti yonse imafa. Alaskan ya .454 Casull nayonso siipulumuka ku vutoli ngati zipolopolozo sizinafinyidwe bwino pakhosi. Njira yoyesera ndi yosavuta: dzazani silinda, ikani chizindikiro pa chipolopolo chimodzi, womberani zinazo, dzazaninso n'kubwereza, kenako muyeze ngati cha chizindikirocho chatalika. Musapite m'nkhalango ndi zipolopolo zimene simunaziyese motere. Pakati pa kupepuka ndi kulemera pali Model 69 ya kampani yomwe imapanga 329PD, imene inatuluka mu 2014, ya chitsulo, yolowa zipolopolo 5 za .44 Magnum ndi yolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndipo kwa woyenda mitunda yaitali imeneyi ndi yanzeru kuposa 329PD.

Za mfuti zikuluzikulu zenizeni sindichedwapo. Model 500 ya mu 2003 ndi Model 460 ya mu 2005, za kampani yomweyi, ndi zida zabwino zosakira nyama, koma ya mpope wautali imafika makilogalamu awiri, ndipo ngakhale ya mpope waufupi imapitirira kilogalamu imodzi ndi theka. Mfuti yotere tsiku loyamba imakhala pathupi, lachiwiri imalowa m'chikwama cha kumsana, lachitatu imatsala m'tenti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo mfuti imene ili m'chikwama pamene chimbalangondo chili pa mamita 30 n'chimodzimodzi kuti mulibe. Mfuti zofuna kukoka hamala ndi chala chachikulu pa chipolopolo chilichonse, monga Ruger Super Blackhawk ndi za Freedom Arms, n'zolimba ndi zolasa bwino kwambiri, ndipo alenje ozizolowera amazigwiritsa ntchito mwaluso, koma sindingazisankhire munthu wamba pa ntchito yodzitetezera. Ngati chilombo chagwetsa munthu pansi ndipo dzanja limodzi lavulala kapena likuteteza khosi, iye amafunika mfuti imene imalira pongokoka chokhethemulira basi.

Kunena mwachilungamo, Alaskan ili ndi njira zoigwiritsira ntchito zimene zimachepetsa zodandaula zanga. Ya .454 Casull imawomberanso zipolopolo za .45 Colt, chifukwa n'zofanana kunenepa koma zazifupi, choncho munthu angathe kuphunzirira zofatsa za .45 Colt, kenako n'kunyamula za .45 Colt zamphamvu za mitu yolemera, zimene zimagwira ntchito yofanana ndi ya .44 Magnum. Ambiri amene amakhala nayo kwa nthawi yaitali amathera pamenepa. Koma zikatero funso limabwera lokha: ngati mukuwombera mphamvu ya .44 Magnum, n'chifukwa chiyani mwataya mpope wautali ndi kulipira ndalama zambiri? Wogwiritsa ntchito njirayi akumbukirenso kutsuka mabowo a silinda bwinobwino asanabwerere ku .454 Casull, chifukwa makoko aafupi amasiya mkombero wa mwaye ndi mtovu pamene khoko lalitali liyenera kufika, ndipo pa mphamvu ya 65,000 psi mkombero umenewo ukhoza kukweza mphamvuyo mopitirira kapena kukaniza makoko kutuluka. Ya .480 Ruger, chipolopolo chimene Ruger ndi Hornady anatulutsa mu 2001, imaponya mutu waukulu ndi wolemera pa mphamvu yocheperapo, ndipo kukankha kwake kumakhala kwapang'onopang'ono kusiyana ndi kumenya kwadzidzidzi kwa .454, koma zipolopolo zake sizipezeka m'sitolo zambiri za kumidzi. Pa zitatuzi, Alaskan ya .44 Magnum ndiyo yoyenera anthu ambiri, ndipo kwa woyendetsa ndege yaing'ono, wa pabwato kapena msodzi amene malo amamuchepera, kufupika kwake kuli ndi phindu lenileni.

Kanyamulidwe n'kofunika mofanana ndi mfuti yeniyeniyo, ndipo ndalama zake muziwerengeretu pogula. Chikwama cha mfuti cha m'chiuno chimalimbana ndi lamba wa chikwama cha kumsana, chimabisika pansi pa jekete la mvula, ndipo chimamira munthu akalowa m'madzi. N'chifukwa chake otsogolera alendo ndi asodzi ambiri a ku Alaska amanyamulira pachifuwa, m'chikwama cha malamba odutsa paphewa ndi kumsana, pamene dzanja lililonse lingathe kufika ngakhale munthu atagwa chagada. Chikhale chophimba chokhethemulira chonse ndi chogwira mfuti mwamphamvu kuti isagwe pokwera mapiri, koma chomasuka ndi dzanja limodzi lovala golovesi. Chitsulo chosachita dzimbiri chimachitabe dzimbiri chikasiyidwa chonyowa m'chikopa, choncho madzulo aliwonse mfuti ipukutidwe. M'nyengo yozizira kwambiri mafuta ochuluka amaundana n'kufooketsa hamala, ndipo munthu akagwa m'matope kapena m'chipale ayenera kuchotsa zipolopolo ndi kuyang'ana mumpope asanapitirize ulendo, chifukwa mpope wotsekeka ukhoza kuphulika.

Mtengo wa mfuti zonse zimene ndatchulazi, zikakhala zatsopano ku United States, umazungulira kapena kupitirira madola 1,000, ndipo Alaskan imakhala pamwamba pa 629 ya masiku onse. Kusiyana kwakukulu kuli pa zipolopolo. Za .454 Casull n'zokwera mtengo kwambiri kuposa za .44 Magnum, ndipo izi zimachititsa kuti mwini mfuti aziphunzira mwa apo ndi apo. Wa .44 Magnum angathe kuyamba ndi .44 Special zofatsa, kukwera ku za ma grain 240 zimene zimapezeka pafupifupi m'sitolo iliyonse ya mfuti ku America, kenako n'kumaliza ndi zochepa za zimene azidzanyamula. Pophunzira, valani zotseka m'makutu za m'kati pamodzi ndi za kunja, ndipo chala chilichonse chikhale kutali ndi kampata ka pakati pa silinda ndi mpope, chifukwa mpweya wotentha wotulukira pamenepo pa mfuti za mphamvu zotere umadula mnofu.

Si nkhalango zonse zili ndi grizzly. M'madera ambiri a kum'mawa ndi kum'mwera kwa United States, nyama zimene munthu angakumane nazo ndi zimbalangondo zakuda, nguluwe, ndi agalu olusa, ndipo kumadzulo kulinso mikango ya m'mapiri. Kumeneko .357 Magnum, imene inatuluka mu 1935, yokhala ndi mitu yolimba ya ma grain 180 m'mfuti ngati Ruger GP100 kapena Smith & Wesson 686, ndi yokwanira, ndipo pafupifupi aliyense angathe kulasa nayo bwino. Anthu ambiri masiku ano akusamukiranso ku mfuti zodzidzaza zokha za 10mm Auto monga Glock 20, yolowa zipolopolo 15, imenenso asilikali a ku Denmark olondera kumpoto kwa Greenland amanyamula chifukwa cha zimbalangondo zoyera. Sindikutsutsa kusankha kumeneko. Ine ndimakondabe revolver pa zifukwa ziwiri: ikakanikizidwa pathupi la chilombo imalirabe, pamene yodzidzaza yokha ikhoza kukankhika n'kukanika, ndipo chipolopolo chimodzi chikapanda kulira, kukokanso chokhethemulira kumabweretsa china.

Malamulo amasiyana malo ndi malo, ndipo ayenera kufufuzidwa munthu asanagule. Ku Alaska wamkulu wololedwa kukhala ndi mfuti angainyamule popanda chiphaso chapadera, koma akapha chimbalangondo podziteteza ayenera kukanena ku boma msanga ndi kupereka chikopa chokhala ndi zikhadabo zake pamodzi ndi chigaza. M'zigawo 48 za United States za kumunsi kwa Canada, grizzly inaikidwa mu 1975 pa mndandanda wa nyama zotetezedwa ndi boma lalikulu, ndipo kuphedwa kwake kulikonse kumafufuzidwa. Kuyambira mu February 2010, kunyamula mfuti m'mapaki a boma lalikulu kumatsatira malamulo a chigawo chimene pakiyo ili, komabe m'mapaki monga Yellowstone kuwombera n'koletsedwa. Ku Canada, chilolezo chonyamula mfuti ya m'manja m'nkhalango chimaperekedwa kwa anthu ochepa a ntchito zapadera monga otchera misampha, choncho mlendo asaganize zowoloka nayo malire.

Amene mtima wake uli pa Alaskan ya .454 Casull ndimamupempha chinthu chimodzi asanapereke ndalama. Apite kumalo ophunzirira kuwombera kumene amabwereketsa mfuti, kapena apemphe mnzake amene ali nayo, aike pepala lozungulira la masentimita 20 pa mamita 10, ndipo ndi zipolopolo zenizeni zimene azidzanyamula, ayese kukweza mfuti kuchokera pansi n'kulasa pepalalo kawiri m'masekondi atatu, osakoka hamala ndi chala chachikulu. Abwereze kangapo, kenako achitenso chimodzimodzi ndi .44 Magnum ya mainchesi 4. Ngati mapepala awiriwo akufanana, agule Alaskan, ndipo adzakhala ndi mfuti imene idzagwirabe ntchito m'manja mwa adzukulu ake. Ngati pepala la .454 Casull lili ndi mabowo ochepa kuposa linzake, atenge .44 Magnum, ndalama zotsalazo agulire chikwama chabwino cha pachifuwa, chitini cha tsabola ndi zipolopolo zophunzirira.